Wailesi Yodula Mawu m'Galimoto ya a Matewere

Ana anga, za ubwana wanga ku Bembeke ndazilumpha dala, popeza azakhali anu amakufotokozerani pa maliro ndi pa maukwati mpaka mumachita kutopa nazo. Ine ndilemba za ntchito, makamaka za a Matewere. Ndikudziwa kuti aliyense wa inu anamva mbali yakeyake kwa anthu a m'njira, ndipo iwe Lusiyano, amene unatengera dzina lawo loyamba, sunandifunsepo ngakhale tsiku limodzi. Ndiye ndati mumve kwa ine mwini nkhani.

M'ma 1980: ntchito yoyamba

Ndinayamba ntchito pa chipatala china cha kumapiri kuno. Dzina lake sinditchula, chifukwa amene akugwirapo lero alibe mlandu. Ndinali nditangomaliza maphunziro a zamagetsi a galimoto, ndikungoyendayenda ndi pulayala m'thumba, kukonza njinga zamoto za aphunzitsi. Tsiku lina ndikulimbana ndi njinga ya katekisiti pansi pa mtengo wa pichesi, panaima bambo wina wovala juzi yoluka, nsapato zake zopukuta bwino ngakhale kunali matope. Anandiyang'ana mpaka njinga inalira, kenako anati, "Mnyamata, ambulansi yathu yakhala mwezi yopanda nyali. Lolemba ubwere, ukafunse a Matewere a ku sitolo ya mankhwala." Anali iwo amene. Anakandilankhulira kwa akuluakulu, anandibwereka jekete yolowera mu ofesi, ndipo miyezi yoyamba ndinkagona pa khitchini pawo. Pamene ndinkakwatira mayi anu, iwo ndi amene anayendetsa zonse za ku tchalitchi, ndipo mwana wanga woyamba wamwamuna anamuimira pa ubatizo.

Ku galaja bwana wanga anali a Jailosi, munthu wamfupi, wa mawu okalipa koma wosasunga mangawa. Ankati galimoto sinama, amanama ndi mwini wake, choncho usanagwire sipanala uyambe wamufunsa dalaiva mafunso mpaka akwiye. Zipangizo kunalibe. Babu ikapsa tinkachotsa ku galimoto yakufa kuseri kwa mochapira, waya tinkasenda ku mafiriji otayidwa. Kusowa kumeneku ndiko kunandiphunzitsa kufufuza vuto modekha, chifukwa tinalibe mwayi wongosintha chinthu kuti tione ngati chitheke.

M'ma 1990: kufupi ndi Mayani

Zaka zingapo ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kufupi ndi Mayani, kuti ndizisamala jenereta ndi ambulansi imodzi yokalamba. Msewu wa kumeneko unkamasula chilichonse chomangidwa ndi nati. Ndi kumene ndinazolowera mavuto aja obwera ndi kupita, oti galimoto ili chiimire zonse zili bwino, koma ikangogunda bampu nyali zathima. Vuto lotere sulipeza utaima pa galaja. Uyenera kukwera, kuyenda nayo, khutu lili tcheru. Mayi anu sankakondwa nako ku Mayani chifukwa madzi anali kutali, ndipo amene anatibweza ku chipatala chachikulu, a Jailosi atapuma ntchito, anali a Matewere omwewo, omwe pa nthawiyo anali atakwezedwa kukhala oyendetsa zonse za pa chipatala. Makiyi a ku sitolo ya mankhwala sanawasiye. Ankati sakhulupirira achinyamata.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010: nthawi yosowa

Inu akuluakulu mukukumbukira nthawi imene mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, anthu n'kumagona pa mizere. Pa chipatala pathu panasowanso mankhwala. Dzinja limenelo malungo anavuta kwambiri kumidzi ya kumunsi kwa mapiri, ndipo mlongo wanga Agnesi anabwera kuchokera ku Mphunzi pa njinga ya mwamuna wake, atabereka Tadala, mwana wake wotsiriza, yemwe anali asanayambe sukulu. Mwana thupi linali moto, maso atatembenuka. Anamwino anamuyeza n'kunena kuti ndi malungo, koma mankhwala ake atha, akagule ku boma. Ambulansi inali pa galaja panga yopanda dontho la dizilo.

Ine monga malume ndinathamangira kwa a Matewere. Sanandibweze. Anadzuka pa mpando, anatenga makiyi, n'kunditsegulira sitolo kuti ndidzionere ndekha. Mashelefu anali mbee, kupatula mabandeji ndi magolovesi. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Fabiano, ukanakhala mwana wa munthu wina ndikanangokuuza pakamwa. Koma iwe ndati uone." Mlamu wanga anapalasa njinga kupita ku boma. Pobwerera anapeza mwana atatisiya kale, dzuwa lisanafike pamutu. A Matewere anapereka galimoto yawo, yoyera ija yaitali kumbuyo, n'kuyendetsa okha mpaka ku Mphunzi ndi mafuta amene anasungira ulendo wawo. Agnesi anakhala kumbuyo atatsamira chitseko, kamtembo kali pamiyendo. Ku manda a Matewere analankhula mawu otonthoza, anthu mpaka anang'ung'udza movomereza.

Mwezi wa June chaka chomwecho, Loweruka lina m'mawa, nkhungu itaphimba phiri lonse, galimoto yoyera ija inalowa pa galaja ikuyendetsedwa ndi mayi Matewere. Iwo anali mphunzitsi wa pulayimale komanso mtsogoleri wa kwaya, mayi wansangala amene ankanditcha achimwene. Anati amuna awo apita ku msonkhano ku Blantyre, abwera Lolemba.

"Achimwene, ndithandizeni. Bambo anaikitsa wailesi yatsopano ku Lilongwe, yoika fulashi ya nyimbo ija, ndi masipika m'zitseko monsemu. Koma ikuchita zamanyazi. Nyimbo ikangofika pokoma, zii. Mawa ndikunyamula amayi a kwaya kupita ku Mayani, timafuna tizimvera nyimbo zathu m'njira."

Ndinawafunsa ngati wailesiyo imazima yonse. Anati ayi, nyali zake zimayakabe, manambala akuyenda, mawu okha ndiwo amasowa, kenako amabwerera okha. Ndinafunsa ngati zimachitika akakweza mawu. Anati ngakhale atatsitsa. Nanga a Matewere ananenapo chiyani? Anaseka n'kuti, "Amati tiisiye, adzabwerera nayo kwa anyamata amene anaika. Koma mwezi watha, ndipo ine ndati tili ndi katswiri pakhomo pomwe pano."

Ndinayamba ndi zapafupi. Fyuzi inali bwino. Ndinasolola wailesi pa dashibodi n'kupeza mawaya opotokola ndi manja, okulunga ndi tepi yosamata bwino, monga amachitira anyamata a pa msika. Ndinawalumikiza mwatsopano. Pansi pa mpando wa dalaiva anaikapo ampulifaya, kabokosi kokweza mawu, ndipo waya wake wopita ku chitsulo cha galimoto anaumangira pa penti. Ndinapala pentiyo mpaka chitsulo chinawala, ndinamanga molimba, ndipo mumtima ndinati vuto ndalipeza. Tinakwera kuti tikayese pa msewu wa kumunsi kwa manda, wa maenje uja, mayi Matewere akuyendetsa, amayi a kwaya akuimba m'masipika. Pa dzenje loyamba lenileni nyimbo inaduka.

Ndinagwada pansi n'kusuzumira ampulifaya galimoto ikuyenda. Sinali yotentha. Koma nthawi iliyonse mawu akaduka, kanyali kake kobiriwira kankasanduka kofiira. Kabokosi kameneka kamadziteteza, kakaona kuti mawaya a sipika agundana kapena akhudza chitsulo, kamatseka mawu onse kuti kasapse. Ndiye kuti penapake pakati pa mpando ndi zitseko panali shoti yobwera ndi mabampu. Ndinayamba kuchotsa masipika pa ampulifaya, imodziimodzi, tikubwereza msewu womwewo. Nditachotsa ya chitseko cha kumbuyo chakumanzere, nyimbo inaimba osadukanso mpaka tinafika pa galaja.

Kawirikawiri waya amathyokera pa mahinjesi, pomwe amapindika chitseko chikamatsegulidwa. Ndinasenda labala wa pamenepo, waya anali wosalala ngati watsopano. Potseka chitsekocho ndinamva kuti chikulemera, ndipo sichinalire ngati chitseko champhako. Ndinayesa kutsitsa galasi, linakana.

"Limenelo linafa kalekale," anatero mayi Matewere. "Onse a kumbuyo. Bambo amati tisamawakhudze."

Masikuluwu a chikuto cha m'kati mwa chitseko anali odyeka mitu, owala, osonyeza kuti amamasulidwa kawirikawiri. Zimenezi zinandidabwitsa, koma ndinangoti mwina ndi anyamata a ku Lilongwe aja. Ndinamasula, n'kukoka chikutocho. Zinthu zinakhuthukira pa mapazi anga ngati chimanga chotuluka m'thumba lobooka.

Anali mankhwala. Mapaketi a mapilisi a malungo, ochotsedwa m'makatoni, omangidwa m'mitolo ndi timalabala, opanikizidwa m'chitseko kuyambira pansi mpaka pa galasi. Mtolo umodzi labala wake anali ataduka, mapaketi n'kugwera kuseri kwa sipika. Anyamata aja anasiya nsonga za mawaya pa sipika zili zosakutira, ndipo kuseri kwa paketi ya mapilisi kumakhala kachitsulo kopyapyala konyezimira kaja. Galimoto ikadumpha, kachitsuloko kankagunda nsonga ziwiri zija n'kuzilumikiza. Vuto lonse linali limenelo. Ndinatola paketi imodzi. Inali ndi chidindo chija chosonyeza kuti ndi mankhwala aulere, osagulitsa.

Ndinamva mayi Matewere akuti, "Achimwene, n'chiyani chimenechi?" Anawerama, anatola paketi, anaitembenuza, anaiwerenga monga mphunzitsi, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anandilanda sikuludiraiva m'manja, n'kuzungulira ku chitseko china cha kumbuyo. Ndinawathandiza kumasula. Monsemo munali modzaza, mapilisi a malungo, makapisozi a chibayo, ndi timabotolo ta jakisoni tokulunga m'masokosi a amuna awo. Anazindikira masokosiwo. Anakhala pansi pa simenti yamafuta ndi chitenje chawo chatsopano.

"Mwezi uliwonse amapita ku malire," anatero, akuyang'ana pansi. "Amati kuli mnzawo amene amawagulitsa mbatatesi motchipa. Amabweradi ndi mbatatesi." Patapita kanthawi anati, "Chitseko ichi ndi chimene anatsamira mlongo wanu tsiku lija."

Ine ndinali nditaganiza kale zomwezo. Kunena zoona, ana anga, sindikudziwa ngati tsiku la maliro a Tadala m'chitsekomo munali kanthu. Palibe amene anandiuza, ndipo ku khoti sanafunse. Koma magalasi a kumbuyo anali atafa kale nthawi imeneyo, chifukwa ndikukumbukira Agnesi akupempha mpweya pa chitunda cha ku Mphunzi, a Matewere n'kutsegula la kutsogolo.

Mayi Matewere anandipempha kuti ndibwezere zikuto, ndidikire mpaka amuna awo abwere. Ndinavomera kudikira, koma ndinakana kutulutsa galimoto. Ndinaikankhira m'kati, ndinakhoma galaja, makiyi n'kuika m'thumba. Iwo anapita kwawo wapansi, ndipo ku Mayani kwaya inapita popanda mtsogoleri.

Masana amenewo ndinawapeza mayi anu akusankha nyemba pakhonde. Ndinawafotokozera zonse. Anasiya lichero, anandiyang'ana, n'kufunsa kawiri ngati ndikunena a Matewere omwewa. Kenako anati, "Mukakanena, pano tikhala ngati alendo. Anthu onsewa anathandizidwapo ndi bambo amenewo. Koma mukapanda kunena, a Agnesi akabwera kudzatizonda mudzawapatsa moni ndi nkhope iti?" Sanandiuze chochita. Lamulungu ku tchalitchi ndinangokhala, nyimbo sindinaimbe.

Lolemba m'mawa a Matewere anafika pa galaja asanalowe mu ofesi, atavala suti ya pa ulendo. Ndinkayembekeza kuti abwera akulira, kapena akukalipa. Anabwera ngati munthu wodzafunsa za tayala. Anayang'ana zitseko zotsegula, mankhwala ali m'katoni momwe ndinawasonkhanitsira, n'kupukusa mutu.

"Fabiano, anakutuma za wailesi. Za m'zitseko unazifuniranji?"

Ndinati vuto la wailesi ndi limene linandifikitsa m'chitseko.

"Chabwino. Waona, waona. Tsopano tichite zachikulu. Katoniyi ndikaibweza ku sitolo lero lomwe, odwala alandire. Palibe amene wataya kanthu. Iwe ubwezere zikutozi, nkhani ithere pano."

Mawu amenewa anandigwira, chifukwa anali ndi nzeru zake. Mankhwala akanabwerera, banja lawo likanatsala, ine ndikanatsala ndi bambo amene anandilera pa ntchito. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma pakamwa panga panatuluka funso lina. Ndinati, "Bambo, tsiku lija munanditsegulira sitolo, mankhwala anali kuti?"

Sanaphethire. Anati, "Usasakanize nkhani. Mwana uja anabwera naye mochedwa. Ngakhale akanamwa, sakanachira."

Ndinawayang'ana munthu amene ndinamudziwa kuyambira ndili mnyamata, amene ananyamula mwana wanga pa ubatizo, ndipo ndinaona ngati ndaima ndi mlendo wovala nkhope yawo. Sananene kuti mankhwala kunalibe. Anangoti sakanachira. Ndinanyamula katoni ija.

"Ukupita kuti?"

"Kwa a Sisitere."

"Fabiano, unagona pa khitchini panga."

"Ndinagonadi, bambo. Sindidzaiwala."

Kuchoka pa galaja kukafika ku ofesi ya a Sisitere, omwe anali mkulu wa anamwino, umadutsa pa khonde pomwe amayi amadikira ndi ana odwala. M'mawa umenewo panali podzaza. Ndinadutsa pakati pawo ndi katoni pamapewa, iwo akundipatsa njira osadziwa chimene ndanyamula. A Sisitere atatsegula katoniyo anavula magalasi n'kundifunsa kuti ndazitenga kuti. Nditatchula dzina, anandiuza kuti ndibwereze. Anatuma mlonda kukaitana apolisi, ndipo apolisiwo anawapeza a Matewere atakhala mu ofesi yawo, akumwa tiyi.

Zotsatira zake

Mlandu unatenga miyezi. Ndinakaimirira m'khoti kufotokoza za sipika ndi mawaya, anthu ena akuseka poyamba, kenako osasekanso. Mayi Matewere anapereka umboni wawo mosabisa kanthu, ndipo atatha anabwerera kwawo ku Mphunzi, sanabwerenso. Khoti linawapeza a Matewere olakwa n'kuwatumiza ku ndende.

Zimene ananena mayi anu zinachitikadi. Ku tchalitchi benchi yathu inayamba kukhala ndi malo ambiri. Ena ankati bongololo sadzolera mafuta pagulu, nkhani ikanatha kukambidwa m'nyumba. Ena ankati ndinkafuna udindo, ngati kuti wa zamagetsi angakhale oyendetsa chipatala. Mayi wina amene mwana wake a Matewere anamupezera malo ku sukulu ya unamwino analavula malovu ndikudutsa pa chigayo. Inu ana munamva zambiri ku sukulu, ndikudziwa, ngakhale munkabisa. Agnesi yekha atamva anabwera wapansi kuchokera ku Mphunzi. Anakhala pakhonde tsiku lonse akuthandiza mayi anu kusenda nandolo, ndipo potsanzika anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinagwirabe ntchito pa galaja yomweyo mpaka tsiku langa lopuma linakwana.

Nditapuma ntchito

A Matewere ndinadzawaonanso kamodzi kokha. Linali tsiku la msika ku Mayani, ndinapita kukafuna mbewu ya mbatatesi. Pa mzere wa ogulitsa ndinaona nkhalamba yowonda, tsitsi lonse loyera, itakhala pa thumba. Nsapato zake zinali zong'ambika koma zopukuta. Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona kale.

"Fabiano, tabwera. Usaope, zinatha zija."

Ndinawapatsa moni ndi manja awiri monga kale. Anafunsa za mayi anu, anafunsa za iwe Lusiyano, ngati unakwatira. Mtima wanga unayamba kufewa. Ndinaganiza kuti mwina zaka za ku ndende zawabweza, ndipo lero anena mawu amene ndinkawadikira, oti ndikamuuze Agnesi. Anandikodola kuti ndiyandikire, ndipo nditanjuta pafupi nawo anatsitsa mawu.

"Pali chinthu chimodzi chimene chakhala chikundivuta zaka zonsezi. Ku khoti sindinamvetse bwino. Kodi kwenikweni chinkadula mawu m'wailesi muja chinali chiyani?"

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono za nsonga za mawaya zosakutira, ndi kachitsulo konyezimira ka kuseri kwa mapaketi. Anamvetsera mwachidwi, akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Nditamaliza anayang'ana kumapiri. Kenako anawomba m'manja kamodzi, mopepuka.

"Ndiye kuti ndikanangowakulunga m'jumbo," anatero, "bwenzi pano ndili pa ntchito."

Ndinaimirira, mawondo akulira. Anandiitana kuti ndisankhe mbewu m'thumba lawo, akuti anditsitsira mtengo. Ndinawatsanzika mwaulemu, ndinakwera njinga yanga, n'kubwerera ku Bembeke ndi thumba lopanda kanthu.